Wampira Azigona Msanga

Ana inu, ndani afuna kucinya zigoli monga Barbra Banda? Ndidziwa, nonse mwakweza manja. Ndiye mverani. Ine nditi mwana wofuna kukhala katswiri wa mpira kapena wa liwiro azigona msanga.

Mukathamanga, minofu ya m'miyendo imatopa. Thupi limaikonza usiku, muli m'tulo tofa nato. Ndi nthawi yomweyo pamene thupi limagwira kwambiri nchito yokulitsa mafupa ndi minofu. Madokotala akuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 afunika kugona maola 9 mpaka 12 usiku uliwonse.

Tiyeni tiwerenge. Ana ambiri a ku Petauke ndi ku Nyimba amauka 5 koloko. Asese pabwalo, atunge madzi, ndiye ayende ulendo wautali kupita kusukulu. Kuti maola 9 akwane, mwana wotere agone 20 koloko. Osati 22 koloko, iyai!

Manje vuto ndi ili. Mpira wa Champions League umaseweredwa Laciwiri ndi Lacitatu, masiku a sukulu. Masewera ambiri amayamba 21 koloko kapena 22 koloko. Anyamata ena amazemba panyumba kukaonerera pa TV kumsika. Pobwera, usiku wapita kale. M'mawa maso ali psuu! Pabwalo miyendo ilema, mpira umupita pafupi iye akali kuyasamula. Wosagona bwino sacedwa kutopa, ndipo sacedwa kugwa ndi kudzipweteka.

Wina anganene kuti, "Nanga si poonerera akatswiri m'pamene tiphunzira?" Zoona. Koma pa Ciweru masana ndi madzulo mpira umaonetsedwanso. Onererani umenewo. Wa usiku uja mudzamva kwa amalume m'mawa.

Nthawi zina mwana amagona msanga koma tulo osabwera. M'mwezi wa Okutobala ku Nyimba kumatentha kwambiri. Sambani madzulo kuti thupi lizizire. Mvula ikayamba, udzudzu nawo ndi uwo, kulira m'makutu usiku wonse. Gonani m'neti. Muthawa malungo, mupezanso tulo tabwino.

Mukafika kunyumba lero, muwerengere amai ndi atate nkhani iyi. Muwapemphe mwaulemu kuti nsima ya madzulo izipsa msanga, mbale zitsukidwe kukali kowala, ndipo foni ndi wailesi zizikhala cete ikakwana 20 koloko.