Asanavale gauni, mwana alembe mayeso

Sabata ino ku ofesi yathu kwafika makalata otiitanira ku miyambo yomaliza maphunziro. Ina yachokera kwa makolo angapo a mumzinda uno wa Livingstone amene amaphunzitsa okha ana awo kunyumba. Iwo asonkherana ndalama zobwerekera holo kuti ana awo osinkhuka avale magauni ndi zisoti monga amachitira anzawo a kusukulu. Ina yachokera ku sukulu ya mkaka, yomwe sitiitchula dzina, kumene tiana ta zaka zisanu akuti "tikumaliza maphunziro" tisanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato.

Tiyambe ndi makolo ophunzitsa kunyumba, ndipo tineneretu kuti sitikuwaona ngati olakwa. Ena anayamba mu 2020 pamene sukulu zinatsekedwa pa 20 March chifukwa cha Covid-19, ana osalemba mayeso n'kukhala panyumba mpaka September. Kolera ya 2024 itachedwetsanso kutsegulira sukulu mpaka pa 12 February, ena anangoti basi, tipitiriza tokha. Palinso amene anathawa kuthithikana m'makalasi. Chiyambireni maphunziro aulere mu January 2022, ana akhamukira kusukulu, zomwe n'zabwino, koma ngakhale boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho, mphunzitsi mmodzi sangathe kuona kope la mwana aliyense. Makolo ena amagwira ntchito m'malo ogona alendo m'mphepete mwa Zambezi, kutali ndi tauni. Mayi amene wakhala zaka akuphunzitsa masamu pa tebulo lodyera, usiku n'kumachonga ntchito ndi tochi ya foni magetsi atazima, ayenera kumuombera m'manja. Mwana wake nayenso ayenera nthungululu, nkhuku ndi mpunga. Palibe angatsutse.

Funso lathu n'lakuti, gauniyo ikuchitira umboni chiyani? M'dziko muno pepala lotsegula zitseko ndi satifiketi ya Examinations Council of Zambia, kapena ya mayeso ena odziwika monga a Cambridge. Mwanayo akadzapita kukafuna malo ku David Livingstone College of Education konkuno, kapena ku University of Zambia ku Lusaka, sadzamufunsa chithunzi chimene anajambulitsa atanyamula maluwa. Adzamufunsa ngati anakhoza bwino maphunziro asanu kuphatikizapo Chingelezi. Amene sali pasukulu ali ndi njira yolembera mayeso a GCE, koma njirayo imafuna kulembetsa nthawi ikadalipo, kulipira, ndi kupeza malo ovomerezeka olembera. Kholo limene linagula mabuku ndi ndondomeko ya maphunziro pa intaneti kuchokera ku America kapena ku South Africa liyambe lafunsa ku ZAQA, bungwe lounika mapepala a maphunziro, ngati pepala lotuluka kumeneko lili ndi ntchito kuno. Satifiketi imene bambo wasindikiza yekha pa kompyuta, n'kusainira ngati mphunzitsi wamkulu, imakongoletsa khoma la pabalaza, koma ntchito yake imathera pomwepo.

Tikumva kuti mwa ana amene avale magauni pa mwambo wa makolowu alipo amene analemba kale mayeso ovomerezeka. Amenewo tikuwafunira zabwino zonse. Koma kholo limene likuveka mwana chisoti lisanamulembetse mayeso aliwonse likumunamiza mwanayo, ndipo bodzalo adzalizindikira yekha ataima pa mzere wofunsira ntchito.

Koma kodi makolo amenewa anatengera kuti maganizo oti maphunziro amatsirizika ndi gauni? Anaonera kwa eni sukulu zoyima pazokha, amene takhala tikuwadzudzula pa tsamba lino chaka ndi chaka, iwo osamva. Kumapeto kwa chaka chilichonse makalata amagawidwa ku Dambwa, ku Libuyu, ku Linda, ku Maramba: ndalama ya gauni, ndalama ya zithunzi, ndalama ya keke, ndalama ya zokongoletsa, ndalama ya mphatso ya mlendo wolemekezeka. Kunyumba nako kukufunika suti yatsopano ya mwana, tsitsi la kusaluni, chitenje chofanana cha banja lonse. Mayi wogulitsa repu ndi tomato mumsika wa Maramba amathyola chilimba chimene amasungira mpamba. Bambo wogulitsa ziboliboli ku Mukuni Park, amene malonda ake amadalira kuti kwabwera alendo angati kudzaona mathithi, amakatenga kaloba. Akana bwanji, mwana wake akhale yekha wopanda gauni anzake onse atavala?

Tsikulo likafika, pitani mukaone. Tiana tandandalikidwa pa mipando ya pulasitiki kuyambira m'mawa, kutentha kwa November kwa Livingstone kuli ng'aning'ani, mlendo wolemekezeka sanafike. Chisoti chikugwera m'maso, gauni ikukwekwereka pansi chifukwa inasokedwera mwana wamkulu. Kena kagona tulo satifiketi ili pakamwa. Jenereta ikulira, woimbitsa nyimbo akukuwa, makolo akukankhana ndi mafoni. Mwambo wonsewo si wa ana ayi. Ndi wa akuluakulu ofuna zithunzi zoika pa Facebook ndi WhatsApp, ndiponso wa mwini sukulu amene akutsatsa malonda ake ndi ndalama za makolo omwewo.

Izi ndi umbava wovala taye, ndipo tatopa kuunena mozungulira. Mwana "amamaliza maphunziro" ku sukulu ya mkaka, amalizenso asanalowe Giredi 1, amalizenso ku pulayimale, amalizenso ku sekondale. Magauni anayi! Koma mupatseni nyuzipepala ino kuti awerenge ndime imodzi, muone thukuta. Kafukufuku wa PISA for Development, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anapeza kuti mwa ana a zaka 15 amene anali pasukulu m'Zambia, pafupifupi 5 okha pa 100 aliwonse ndi amene anafika pa muyezo woyambira wa kuwerenga. Pa masamu anali ochepa kuposa pamenepo. Dziko lokhala ndi ziwerengero zotere likuvina chiyani? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama ya keke imodzi ikanagula mabuku angati owerenga?

Enatu anaona kale vutoli. Mu 2025 boma la chigawo cha Imo ku Nigeria linaletsa maphwando otere kwa ana a sukulu za mkaka pofuna kupeputsa makolo. Kuno boma linachotsa fizi ndi ndalama za PTA m'sukulu zake kuti mwana wa mmphawi asabwezedwe pageti. N'chifukwa chiyani Unduna wa Zamaphunziro ukungoyang'ana pamene ena akukama makolo kudzera pa gauni? Kodi oyendera sukulu saziona timapepala timeneti, kapena nawonso amakhala pa tebulo lapamwamba akudikira mbale yawo?

Pa za ana ophunzira kunyumba, undunawu usagonenso. Lamulo la maphunziro la 2011 limapereka udindo kwa kholo woonetsetsa kuti mwana wa msinkhu wa sukulu akuphunzira. Alipo makolo akhama amene akuchitadi zimenezo kunyumba. Koma aliponso amene amati "timamuphunzitsa tokha" pamene mtsikana amangolera azing'ono ake tsiku lonse, mnyamata akuyenda ndi beseni la malonda mumsewu wa Mosi-oa-Tunya. Popanda kaundula, makolo a magulu awiriwa mungawasiyanitse bwanji?

Tikupempha ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro mu Livingstone, kuti itsegule kaundula wa ana onse ophunzira kunyumba, iwayendere, ndipo iuze makolo awo momveka bwino njira ndi nthawi yolembetsera mayeso. Ilemberenso sukulu zonse za mkaka kuti ndalama ya gauni isakhale yokakamiza, ndipo mwana aliyense asasalidwe chifukwa kholo lake silinalipire. Inu makolo, kalata yofuna ndalama ya mwambo ikafika chaka chino, pitani kusukuluko mukapemphe kuti mwana wanu akuwerengereni tsamba limodzi pamaso pa mphunzitsi wake musanatulutse ngwee.