KODI AGALU ANGATI AKWANA PA KHOMO LIMODZI?

Mu mzinda wa Zomba agalu ndi ambiri. Munthu wolawirira m'mamawa kupita ku Chipatala Chachikulu, kaya achokere ku Chinamwali, ku Matawale, ku Sadzi kapena ku Chikanda, amakumana nawo ali m'magulumagulu, ena akufukula kudzala, ena akulimbirana mafupa kuseri kwa msika. Anthu amawatcha agalu opanda mwini, koma kunena zoona ambiri mwa agalu amenewa ali ndi kwawo. Dzuwa likakwera aliyense amabwerera pakhomo pa mbuye wake nakagona pamthunzi. Chimawatulutsa usiku ndi njala, pakuti achuluka pakhomo pamene chakudya chake n'chongokwanira galu mmodzi.

Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti galu alibe ntchito. Galu amalonda nyumba, amauwa mbala ikafika pa khola la mbuzi, ndipo alimi a m'mbali mwa phiri la Zomba adziwa bwino kuti popanda galu anyani ndi apusi angathe kumaliza munda wa chimanga kapena wa mbatata ya kachewere mwini wake asanalaweko. Mphaka nayenso amateteza nkhokwe ku makoswe. Ziweto zimenezi n'zofunika ndithu. Chovuta chili pa chiwerengero chake, chifukwa pali malire amene khomo likawapyola, galu amene anali mlonda amasanduka chiopsezo kwa ana a m'nyumba momwemo ndi kwa anansi.

Malirewo ndi osavuta kuwadziwa. Khomo liyenera kukhala ndi agalu okhawo amene eni ake angathe kuwagwira, kuwamanga chingwe ndi kupita nawo onse kukabayitsa katemera wa chiwewe pa tsiku limene alangizi a ziweto aitana, ndiponso amene angathe kuwadyetsa m'mwezi wa Febuluwale pamene nkhokwe zapepuka. Kwa mabanja ambiri a m'midzi ndi a m'makomboni, zimenezi zitanthauza galu mmodzi kapena awiri, ndi mphaka mmodzi. Wofuna galu wachitatu ayambe waganiza za amene adzam'gwire pa tsiku la katemera.

Chifukwa choika katemera patsogolo ndi matenda a chiwewe. Matendawa amayamba ndi kachirombo kakang'ono kwambiri kamene kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kamalowa m'thupi la munthu galu akamuluma, akamukanda, kapena akamunyambita pachilonda, ndipo kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kukafika ku ubongo. Kawirikawiri pamapita miyezi 2 kapena 3 munthu asanamve kanthu. Nthawi zina mlungu umodzi wokha, nthawi zina chaka chathunthu. Bala limapola, banja limaiwala. Koma zizindikiro zikangoyamba, monga kutentha thupi, kusokonezeka mutu, kuopa madzi ndi mphepo, kulephera kumeza, palibenso chipatala chimene chingathe kum'pulumutsa munthuyo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo mwa anthu 100 alionse odwala matendawa, 99 amawatenga kwa galu. Mwa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti zili ndi chiwewe, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Kuno ku Malawi akatswiri anawerengera kuti matendawa amapha anthu pafupifupi 500 pa chaka.

Pali nkhani ina imene makolo ayenera kuimva. Mu 2007 madokotala anafalitsa zimene anapeza pa Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre atafufuza kwa zaka 3 za ana omwalira ndi matenda a mu ubongo. Mwa ana 133 amene anamwalira, 14 anapezeka kuti anafa ndi chiwewe. Ndipo mwa ana 26 amene poyamba ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 3 anali ndi chiwewe. Motero matendawa amabisala. Mwana akakandidwa ndi kagalu ka pakhomo sanena, mwina poopa kukalipiridwa, mwina chifukwa kukandidwa ndi kagalu n'chinthu cha masiku onse pakhomo pamene tiagalu tili mbwee. Pakhomo pa galu mmodzi mayi amazindikira msanga kuti lero galuyu sakudya, akuchucha dovu, akuluma mitengo ndi miyala, kapena wangoti zii pakona mosiyana ndi masiku onse. Pakhomo pa agalu 7 palibe amene amaona zimenezi, ndipo mmodzi akasowa masiku 3 amangoti wapita koyenda.

Chiwewe chimatha pakati pa agalu ngati agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera alandira katemera, ndipo ntchitoyo ibwerezedwa chaka ndi chaka. Pamenepo galu wodwala akaluma anzake amapeza ambiri ali otetezedwa, ndipo matenda amasowa kolowera. Zimenezi zinayesedwa kuno komwe. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya Boma yoona za ziweto, linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre pa masiku 20 okha, ndipo mu 2016 ntchitoyi inafika m'maboma a Zomba ndi Chiradzulu. Katemerayo anali waulere. Obaya ankakhala pa malo odziwika monga pa sukulu, anthu n'kumabweretsa agalu awo, kenaka ankayenda khomo ndi khomo kufunafuna otsala.

Tsono apa ndi pamene kuchuluka kwa agalu kumaonekera kuipa kwake. Pa tsiku lotere bambo amakhala ali kumunda kapena ku ganyu, mayi ali kumsika, ndipo amene amatumidwa ndi mnyamata wa sukulu. Mnyamatayo ali ndi manja awiri. Amatenga galu wofatsa amene amam'tsata, mwinanso wachiwiri, napita. Otsalawo ndi aja olusa, aja osagwirika, amene chibadwire sanamvepo chingwe m'khosi, ndiponso ndi omwewo amene amayenda usiku kukamenyana ndi agalu a m'midzi ina. Obaya akafika pakhomo, agaluwo amathawira m'chimanga. Madzulo bambo amasunga kapepala ka katemera nanena monyadira kuti agalu ake anabayidwa, chonsecho wabayidwa ndi mmodzi mwa 6. Galu amene mbuye wake sangathe kum'gwira ndi wa mudzi wonse pa kuopsa kwake, ngakhale dzina anam'patsa ndi munthu mmodzi.

Agalu sachuluka pakhomo chifukwa mwini wake anakhala pansi n'kuganiza zowachulukitsa. Amachuluka okha. Galu wamkazi amayamba kuswa asanakwane chaka, amakhala ndi bere masiku 63 kapena kuyandikira apo, ndipo angathe kuswa kawiri pa chaka, ana 5 kapena 6 nthawi imodzi. Mphaka amaposa pamenepa, pakuti angaswe katatu pa chaka. Khomo limene linali ndi galu wamkazi mmodzi pa nthawi yokolola lingakhale ndi agalu 10 pofika kukolola kwina. Ana agalu onsewa amabadwa opanda katemera. Mwachitsanzo, m'mudzi wa agalu 100 mutabayidwa 70, ndiye pakutha pa chaka 30 mwa agalu onsewo afa ndipo m'malo mwawo mwabadwa tiagalu 30, otetezedwa amatsala pafupifupi theka lokha. Ntchito imene Boma ndi mabungwe anaonongerapo mafuta ndi ndalama imafafanizika ndi galu wamkazi wosasamalidwa. Anthu enanso amabisa tiagalu pa tsiku la katemera poganiza kuti jekeseni itipha kapena ichititsa kuti tisadzakhale tolusa. Maganizo amenewa ndi olakwika. Ana agalu nawonso ayenera kubayidwa, chifukwa ndiwo amene ana a anthu amawanyamula ndi kugona nawo pamphasa.

Za chakudya n'zosachita kufunsa. Galu wa kumudzi amadya mkute, gaga wophika, mafupa ndi mitu ya matemba. Banja limene likugawana nsima ya kamodzi pa tsiku m'miyezi ya njala silingathe kuphikira gaga agalu 5. Agaluwo amakadzifunira okha: amaba nkhuku za anansi, amafukula dzala, amadya chimbudzi cha ana kuseri kwa nyumba, kenaka n'kubwera kudzanyambita mbale zimene zasiyidwa pansi. Milandu yambiri ya pakati pa anansi imene amfumu amaweruza imayambira pa galu wanjala.

Palinso matenda ena osapha msanga ngati chiwewe koma ofooketsa ana. M'chimbudzi cha agalu, makamaka tiagalu, mumakhala mazira a njoka za m'mimba amene amakhala m'dothi miyezi yambiri, ndipo mwana wokwawa amene amaika dothi m'kamwa amawameza. Mphutsi zina za njokazi zimaboola khungu la kuphazi ndi kusiya mzere woyabwa wokhotakhota. Matekenya amaswana pamene pamagona agalu ndi nkhumba. Ntchentche ija imene imaikira mazira pa zovala zoyanikidwa pansi n'kudzetsa mphutsi m'khungu imakondanso agalu. Zipere za m'mutu mwa ana nthawi zina zimachokera kwa tiamphaka ndi tiagalu, ndipo mayi wapakati ayenera kupewa kugwira chimbudzi cha mphaka chifukwa muli kachirombo kamene kangavulaze mwana wosabadwayo. Chimbudzi cha galu mmodzi munthu angathe kuchiola ndi khasu m'mamawa n'kukachitaya m'dzenje. Cha agalu 8 amangochisiya, bwalo lonse n'kukhala lawo.

Ena adzatsutsa. Wa ku Chinamwali adzati mbala zachuluka, galu mmodzi sangakwane. Komatu ntchito ya galu pa mbala ndi kuuwa kuti anthu adzuke, ndipo galu mmodzi wokhuta, wogona pakhomo, amaigwira bwino ntchito imeneyi. Akulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Gulu la agalu anjala pa ola limene mbala imabwera limakhala lili kumsika. Wa m'mbali mwa phiri adzati iye ndi mlenje, ndipo uzimba umafuna agalu ambiri. Ameneyu ayenera kukumbuka kuti nkhalango ya pa phiri la Zomba ndi yotetezedwa ndi Boma, si malo ochitirako uzimba, ndiponso kuti nyama za kuthengo monga afisi ndi nkhandwe nazonso zimadwala chiwewe. Galu wolowa m'thengo wopanda katemera angathe kupita nawo matenda kumeneko kapena kubwera nawo. Njira ya kuphiri imatsikira mu mzinda, ndipo tsiku ndi tsiku mumadutsa amayi osenza nkhuni, ana ogulitsa zipatso pa msewu wa ku Ku Chawe, ndi alendo okaona damu la Mulunguzi. Wosowa galu wothamangitsa anyani m'munda akhale ndi awiri obayidwa, odziwa mawu a mbuye wawo.

Nanga amene agalu am'chulukira kale achite chiyani? Kukataya tiagalu kumsika kapena m'mphepete mwa mtsinje wa Likangala ndi nkhanza, ndiponso ndi kupereka vuto la khomo limodzi kwa mzinda wonse. Kupha agalu mwachisawawa nakonso sikuthandiza. M'zaka za m'mbuyomo chiwewe chikabuka kunkalengezedwa lamulo lomanga agalu, ndipo opezeka akuyendayenda ankaomberedwa. Masiku ano akatswiri a WHO amanena poyera kuti kupha agalu kokha sikuthetsa chiwewe, chifukwa pamodzi ndi odwala mumafa obayidwa kale, ndipo eni ake amakatenga tiagalu tina topanda katemera kudzalowa m'malo. Njira yabwino ndi kuletsa kuswana. Galu wamwamuna amafulidwa, ndipo wamkazi amachitidwa opaleshoni yotseka kubereka ndi dokotala wa ziweto. Mlangizi wa ziweto wa m'deralo angathe kulongosola kumene zimenezi zimachitikira. Pamene opaleshoni palibe, galu wamkazi atsekeredwe pa milungu 3 imene amafuna amuna. Tiagalu tobadwa kale tiperekedwe kwa anthu amene alibe galu ndipo akumufuna, titalandira katemera. Munthu akapatsidwa kagalu kaulere pamene ali nawo kale awiri, kukana si mwano.

Ngakhale pakhomo pa galu mmodzi ngozi imachitika. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu kapena mphaka, bala litsukidwe nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osathirapo mankhwala azitsamba, dothi kapena ubweya wa galuyo, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Katemera woteteza munthu wolumidwa anayamba kale mu 1885 ndi Louis Pasteur wa ku France, ndipo wa masiku ano sabayidwanso pamimba kambirimbiri monga amakumbukira achikulire. Amabayidwa pamkono maulendo ochepa pa masiku amene a chipatala anena, ndipo maulendo onsewo ayenera kukwanitsidwa. Katemerayu ndi wokwera mtengo ndipo sapezeka nthawi zonse m'zipatala zing'onozing'ono, kotero wotumizidwa ku chipatala chachikulu asazengereze. Galu wolumayo amangidwe pa malo pamene ana safika, adziwitsidwe a za ziweto, ndipo aonedwe kwa masiku 10. A chipatala adzafunsa kuti waluma ndi galu uti, ndipo kapepala kake ka katemera kali kuti. Pakhomo pa agalu 7 ofanana maonekedwe ndi kapepala kamodzi, mwini wake amasowa choyankha.