Damu la simenti si mtsinje

Pali bodza lomwe likufala pa WhatsApp ndi m'magombe, ndipo latikwana. Akuti nkhasi, afulu a m'madzi aja, sizingathenso padziko chifukwa akatswiri anadziwa kale kuziweta m'madamu, choncho palibe cholakwa kufukula mazira ake mumchenga kapena kugulitsa yomwe yakodwa mu ukonde. Chomvetsa chisoni n'chakuti ngakhale anthu opita kusukulu akulimeza bodzali osatafuna.

Olifalitsa amakonda kutchula dziko la Myanmar, ndipo mbali ina ya nkhani yawo ndi yoona. Mtundu wa nkhasi wotchedwa Batagur trivittata unkaganiziridwa kuti unatheratu, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pamene katswiri Gerald Kuchling anapeza zochepa m'dziwe la pakachisi wina mumzinda wa Mandalay. Zina zinapezeka kumtunda kwa mtsinje wa Chindwin. Mabungwe a Turtle Survival Alliance ndi Wildlife Conservation Society, mogwirizana ndi boma la kumeneko, anayamba kuziweta, ndipo pofika 2020 zowetedwazo zinali pafupifupi 1,000. Koma abodzawa amathera pomwepo. Satiuza kuti nthawi yomweyo zazikazi zoikira mumtsinje sizinkakwana ndi khumi zomwe. Satiuzanso kuti anthu a m'midzi ankalondera mchenga woikirapo, mazira n'kusamutsidwa mosamala kukakwiriridwa m'kati mwa mpanda, tiana n'kuleredwa zaka zingapo mpaka chigoba chitalimba, zisanayambe kubwezeredwa mumtsinje mu 2015. Omwe akuweta ndi omwenso akuletsa kufukula mazira. Nanga ntchito yawo ingakhale bwanji chilolezo chofukulira?

Apa ndi pomwe bodzali limagwera chagada. Nkhasi si nkhuku yoti miyezi isanu ndi umodzi yayamba kuikira. Mitundu yambiri imatenga zaka zochuluka, ina kuposa khumi, isanaikire dzira loyamba, ndipo mazira ndi tiana tambiri timathera m'mimba mwa ng'azi, mbalame ndi nsomba. Mtundu umapitirira chifukwa yaikazi yaikulu imakhala ndi moyo zaka makumimakumi, ikuikira chaka ndi chaka. Ikafa imeneyo, tiana ta m'damu titenga zaka kuti titseke mpatawo, ngati tipulumuke. Kutulutsira nkhasi zowetedwa mumtsinje momwe maukonde akadali ponseponse, ena akupha nsomba ndi magetsi, ena akukumba golide m'mphepete, n'kutungira madzi m'dengu.

Wina anganene kuti zikavuta akatswiri adzayambiranso ndi zochepa zotsala, monga anachitira ku Mandalay. Afunse ku China. Nkhasi yaikulu ya chigoba chofewa ya mumtsinje wa Yangtze inatsala pang'ono kutha, ndipo mu 2008 yaikazi imodzi inasamutsidwa kuchoka ku Changsha kupita ku Suzhou komwe kunali yaimuna. Inaikira mazira ambirimbiri kwa zaka zingapo, koma palibe ndi limodzi lomwe limene linaswa. Madokotala anayesa kuiika umuna ndi zipangizo, osaphula kanthu, ndipo inafa mu Epulo 2019. Ndalama zinalipo, ukatswiri unalipo, chinasowa ndi nkhasi. Madzi akatayika saoleka.

Palinso zina. Ku mitundu yambiri kutentha kwa mchenga ndiko kumachititsa kuti kaswe kakamuna kapena kakakazi, kotero woweta wosadziwa akhoza kuswetsa amuna okhaokha. Nkhasi yosungidwa m'beseni pakhomo ikabwezedwa m'madzi ikhoza kupatsira zinzake matenda.

Sitikunyoza kuweta. Ndi chipatala cha mtundu womwe uli kayakaya, ndipo palibe munthu wanzeru amene amadzithyola mwendo poti chipatala chilipo. Nkhasi ya chigoba chofewa ya m'nyanja ya Malawi, Cycloderma frenatum, ili kale pamndandanda wa bungwe la IUCN wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo chakutha. Mazira ake sali m'damu la ku Mandalay. Ali mumchenga wa m'magombe athu, pomwe tikupondapa. Asiyeni aswe.