Kabuku ka kuchipatala si ka abwana

Mlonda kapena mayi wogwira ntchito za m'nyumba mumzinda wa Zomba akagwidwa ndi malungo, kawirikawiri amathamangira kumudzi komwe kuli omuphikira phala. Ngati kwawo ndi kwa T/A Mwambo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, mankhwala amakalandira ku Likangala kapena ku Pirimiti. Akabwerera kuntchito, abwana amafuna umboni woti amadwaladi. Popanda umboniwo, masiku onse aja amadulidwa pamalipiro.

Abwana sakulakwa kufunsa. Gawo 46 la lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limati amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wopuma masabata 4 akulandira malipiro onse akadwala, ndi masabata ena 8 akulandira theka, chaka chilichonse. Koma lamulo lomwelo limati bwana sakakamizidwa kupereka tchuthicho ngati wantchito sanabwere ndi kalata ya dokotala wovomerezeka yonena chimene chamugoneka.

Pavuta ndi pakalatapo. Kuchipatala chaching'ono mzere umayamba mbandakucha, ndipo wodwala amachita manyazi kuchedwetsa anzake popempha kalata. Ambiri sadziwa n'komwe kuti kuli kalata yotere. Chimene amatuluka nacho ndi kabuku ka kuchipatala, ndiye n'komwe amakapereka kwa abwana.

Kabuku kameneka kamasunga chinsinsi chonse cha munthu. Bwana amene amafuna kuona za malungo a sabata yatha, akangotsegula tsamba lina, apeza za matenda opatsirana pogonana, za kulera, mwinanso za ma ARV. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu pantchito, koma bwana wofuna kuchotsa mlonda sasowa chifukwa china. Angonena kuti amagona usiku.

Unduna wa Zaumoyo ungathetse izi ndi kapepala kamodzi kosindikiziratu, kopezeka pachipatala chilichonse kwaulere: dzina, tsiku, matenda a ulendo umenewo wokha, masiku opuma ndi chidindo. Kulemba kwake sikungathe ndi mphindi ziwiri zomwe.

Nayo ofesi ya zantchito ku Zomba iwauze mabwana kuti azilandira kalata yosainidwa ndi dokotala wapachipatala chakumudzi amene ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Kutumiza munthu amene wangodzuka kumene kuti akafole pamzere wina ku Zomba Central Hospital, pofuna chidindo cha chipatala chachikulu basi, n'kumudula tsiku linanso pamalipiro omwewo.