Za Nyumba ya Amonke ya ku Goa, ndi Zimene Zinatsalamo

Mafumu athu ndi abale a Msonkhano, tiika pamaso panu mlandu wa nyumba ya amonke a Augustine Woyera ku Goa, m'dziko la India. Calici cace cinatha kumangidwa m'caka ca 1602. M'caka ca 1835 Boma la Apwitikizi linapitikitsa amonkewo, losasamala za kukonza nyumbayo. Mu 1842 tsindwi linagwa, ndipo mu 1931 khoma la kumaso ndi theka la nsanja zinatsata. Ena ati ndi mvula. Ife tikana: mvula yomweyo inagwa pa tsindwilo zaka zoposa 200 osaligwetsa, pokhala analipo omata ming'alu. Mlandu uli pa Boma.

Wolowamo lero apeza nsanja yong'ambika ndi miyala ya pamanda pabwalo. Belu linapulumuka cifukwa analitengera ku Panjim, kumene lilirabe.

Koma catigwira mtima ndi ici. Ketevan, mfumu yaikazi ya ku Georgia, anaphedwa ku Shiraz mu 1624 pokana kutaya Cikristu, ndipo amonke anatengera ena a mafupa ace ku nyumbayi. Pogwa makoma, malo ace anaiwalika. Koma mmonke wina anali atalemba m'buku zenera limene anawaika pafupi nalo. Ndipo ife alembi, amene atiseka kuti tingotha inki ya Azungu, sitilephera kukondwa pamenepa. Ofukula anatsata mau a mmonkeyo, napeza fupa la mkono mu 2005. Mu 2021 gawo la mafupawo linabwezedwa kwao ku Georgia.