Mfumu Yanuyo Anailonga Ndani?

Anzanga a m'gulu lino la alembi, pali matenda amene atiloŵa, ndipo ndi bwino tiwatchule dzina asanatimalize. Masiku ano aliyense akufuna kulenga dziko lakelake papepala. Zimenezo ine sinditsutsa. Koma taonani maiko amene tikulengawo. Munthu ajambula mapu okongola, aika nyanja kuno, chipululu uko, natcha maufumu ake maina opinda lilime. Tsono mukamfunsa kuti boma la dzikolo limayenda bwanji, yankho lake ndi limodzimodzi: pali mfumu yovala chisoti chagolide, yokhala m'linga lamiyala pamwamba pa phiri, ndipo ikamwalira mwana wake wachisamba aloŵa ufumu. Mfumuyo ikakhala yankhanza, pabwera mnyamata wamasiye ndi lupanga, naipha, nakhala mfumu yabwino, nthano nkuthera pomwepo. Ine ndikuti limeneli si boma ai. Ndi chithunzi chodula m'mafilimu a Azungu, ndipo wolemba zotere sanalenge kanthu.

Aliyense wofuna kupeka boma ayambe wayankha mafunso atatu. Mfumu yakeyo anailonga ndani? Imadya za yani? Nanga ndani angaiuze kuti "ai" nadzukabe wamoyo m'maŵa mwake? Mlembi wolephera kuyankha mafunsoŵa alibe mbiri yoti alembe, pakuti mbiri ya ndale za dziko lililonse ndi mkangano wa zinthu zitatu zomwezi.

Chondiŵaŵa nchakuti mayankho tili nawo pakhomo. Ine kwathu ndi kumapiri a Dedza. Mukatsika chitunda cha Golomoti nkuloŵera ku Mtakataka, mufika pafupi ndi Mankhamba, pamene panali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi. Kalonga anali wa mtundu wa Aphiri, koma mwana wake sankaloŵa ufumu. Ufumu unkatsata bere la Nyangu, mayi wa banja lachifumu. Mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, ankachokera kwa Abanda, mtundu umene Aphiri anaupeza kale m'dziko. Za mvula sizinali m'manja mwa Kalonga. Kachisi wamkulu anali ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, ndipo mwini wake anali Makewana, munthu wamkazi. Talingalirani boma lotere: mwini nkhondo ndi wina, mwini mvula ndi wina, ndipo wobala mfumu yamtsogolo si mkazi wa mfumu koma mlongo wake. Chilala chikagwa, mfumu yoopedwa ndi dziko lonse iyenera kutuma mithenga kukapempha kwa mayi amene siingamlamule. Kodi m'menemu mulibe nthano khumi?

Nanga inkadya za yani? Mlenje akapha njovu, mnyanga wogunda pansi unali wa mwini dziko. Minyanga ija inkapita kugombe la nyanja yamchere, nibwerako nsalu ndi mikanda. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pa Mankhamba napeza mikanda yagalasi, zidutswa za minyanga, mkuwa, ndi mapale a mbale zochokera ku China, ndipo buku lake lofotokoza zimenezi linatuluka mu 1920 ai, koma posachedwapa mu 2020, pamene ambirife tinali kale kusekondale. Apa mpoonekeratu chifukwa chake maufumu amasweka. Mfumu yaing'ono ikapeza njira yakeyake yogulitsira minyanga, ikatulirenji mtulo kwa Kalonga? Undi anachoka napita kumadzulo kukakhazika ufumu wake, Lundu anakula mphamvu kuchigwa cha Shire, ndipo pofika zaka za m'ma 1860 ufumu wa Kalonga unali utatha, Ayao ndi Angoni ali m'dziko. Mlembi wodziŵa zimenezi sangagwetse ufumu wa m'nthano yake ndi lupanga limodzi lamatsenga.

Ndipo mapiri omweŵa anaona boma la mtundu winanso. Kwa Angoni a Maseko ufumu unkatsata bambo. Mputa atamwalira, mbale wake Chidyaonga anasunga mpando mpaka mwana, Chikuse, anauloŵa. Chikuse atamwalira mu 1891, Gomani ndi Kachindamoto anamenyana, ndipo Kachindamoto anakakhazikika ku Mtakataka, kudera lomwe lija la Kalonga. Chaka chomwecho cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagaŵana dziko papepala, ndipo lero msewu wochoka pa Dedza kupita ku Ntcheu umayenda m'malire, mbali ino Malaŵi, mbali iyo Mozambique, anthu ake achibale okhaokha. Mu 1896 Angerezi anapha Gomani. Chotero m'boma limodzi lokha muli ufumu wotsata mayi, ufumu wotsata bambo, wosunga mpando wa mwana, nkhondo ya pachiŵeniŵeni, ndi malire ojambulidwa ndi alendo. Ife tisiya zonsezi nkukabwereka chisoti ku Ulaya!

Ndikudziŵa zimene ena muyankhe. Muti nthano yopeka ndi ufulu, ndipo palibe amene angakakamize mlembi kulemba za makolo ake. Zoona. Koma ufulu wake uli pati ngati tonse tipeka dziko limodzimodzi, lomwenso si lathu? J. R. R. Tolkien, amene ambiri mumamsirira, sanatole dziko lake m'malere. Anali mphunzitsi wa chinenero chakale cha Angerezi ku Oxford, ndipo anamanga ndi zipangizo za kwawo. Chinua Achebe, polemba Anthills of the Savannah mu 1987, anapeka dziko la Kangan atapenyetsetsa maboma a asilikali a ku Nigeria. Wotengera Tolkien moona ayenera kutengera khama lake lokumba pakhomo, osati mikanjo ya mafumu ake. Ndipo Shadreck Chikoti, ndi buku lake la Azotus the Kingdom la mu 2015, anatisonyeza kale kuti Mmalaŵi angathe kupeka dziko la zaka 500 zikubwerazo popanda kupempha chilolezo kwa munthu.

Ena muti ndikutamanda zakale ngati kuti kunali mtendere wokhawokha. Ai ndithu. Kunali ukapolo, kunali mwabvi, kunali kulandana mipando. Sindikuti tikope maina a Kalonga ndi Makewana nkuwamata pa nthano zathu monga mmene amamatira nsalu ya Chiafirika pa mpando wa m'hotela. Ndikuti tiphunzire mmene mphamvu inkagaŵidwira, mmene inkamangidwira, ndi mmene inkadulira zingwe zake. Pitani pamudzi polonga mfumu mukaone: ntchembere za mbumba ndizo zisankha, munthuyo agwidwa, atsekeredwa m'nyumba, nalangidwa ngati mwana asanakhale pampando. Mutu umodzi susenza denga, ndipo makolo anaika nzeru imeneyi m'kayendetsedwe ka ufumu weniweniwo.

Nkhaniyi si ya luso lokha. Dziko lino linaona kale mfumu ya m'nthano zathuzi. Nduna zimene zinanena "ai" mu 1964 zinathaŵa m'dziko. Mu 1966 kunatsala chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr. Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Alembi a nthaŵi imeneyo ankabisala m'nthano chifukwa cha mantha. Steve Chimombo anabisala mwa Napolo, ndipo Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Koma ulamuliro uja sunagwe ndi lupanga la mnyamata wamasiye. Unagwa ndi kalata ya mabishopu ya mu 1992, ndi sitalaka za antchito, ndi mavoti a pa 14 June 1993. Ndipo pa 3 February 2020 oweruza milandu asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha mu 2019. Zonsezi ndi anthu otha kuuza mwini mpando kuti "ai". Mwana woleredwa ndi nthano zakuti mankhwala a mfumu yoipa ndi mfumu yabwino adzakula akudikira mpulumutsi, ndipo akadzampeza adzamuvinira monga anavinira agogo ake. Ife alembi tidzakhala titathandiza kumphunzitsa gule ameneyo.

Chotero ndikupempha gulu lino kuti tigwirizane chinthu chimodzi. Aliyense wobweretsa nthano ya dziko lopeka, asanatiŵerengere, atiuze kaye amene analonga mfumu yake, amene amaidyetsa, ndi amene angaikanize. Akalephera, timbwezere pepala lake mwaulemu, timpatse Mbiri ya Achewa ya Samuel Josiah Ntara, ndipo tchuthi chikubwerachi akakhale pansi ndi agogo a kwawo awafunse mmene ufumu wa pamudzi pawo unayendera. Mapu adzajambula pambuyo pake.