Mwana Akabadwa, Mayi Nayenso Aleredwe

Mbiri ikamveka pamudzi kuti uje wachira, funso loyamba kutuluka m'kamwa mwa abale ndi anansi limakhala lakuti, "Mphatso yanji?" ndipo yankho likaperekedwa nthungululu zimalira, amayi navina, agogo nayamba kusinkhasinkha za dzina, koma ngwosowa munthu amene pakati pa chimwemwe chonsecho amatembenuka kukafunsa ngati iye amene anachezera ndi zowawa usiku wonse walawako kanthu, ngati magazi aleka, kapena ngati mtima wake uli m'malo. Chimwemwecho nchoyenera, pakuti palibe chuma choposa mwana, ndipo yense amene anaonapo nkhope ya mayi poyamwitsa mwana wake koyamba adziwa kuti m'menemo muli kukoma kosasimbika. Dandaulo langa nlakuti pokondwerera mwana tayamba kuiwala amene wamubala, pamene masiku amenewo ndiwo afunika kuleredwa monga khanda lomwe.

Mitundu ya anthu, ngakhale inabalalika kutali ndi kutali nisiyana zilankhulo ndi zipembedzo, inagwirizana pa chinthu chimodzi, kuti mkazi wongobereka kumene si woti nkulawirira kuchitsime m'mawa mwake. Ku China kuli mwambo wakalekale wotchedwa zuo yuezi, wakuti mayi akhale m'nyumba mwezi wathunthu, osakhudza madzi ozizira, akumwa msuzi wa nkhuku ndi kudya zofunditsa thupi, ntchito zonse zili m'manja mwa apongozi ake kapena amake. Ku Mexico amasunga masiku 40 a cuarentena. Ndipo owerenga Buku Lopatulika akumbukira kuti chilamulo cha Mose, pa Levitiko 12, chinapatula masiku 40 kwa wobala mwana wamwamuna ndi 80 kwa wobala wamkazi. Pakati pa Aigbo a ku Nigeria, pa mwambo wa omugwo, gogo amasiya khomo lake nakakhala kwa mwana wake masabata ngakhale miyezi, akumuthowa ndi madzi otentha, kumuphikira msuzi wa tsabola ndi kusambitsa mdzukulu, kuti mwiniwake aone tulo. Koma umene umandikhudza mtima koposa ndi wa ku Korea, kumene wobereka amamwetsedwa msuzi wa zomera za m'nyanja wotchedwa miyeokguk kuti abwezeretse mphamvu. Ndipo mwanayo akakula amamwa msuzi womwewo chaka ndi chaka pa tsiku lake lobadwa, kuti pokondwerera moyo wake akumbukirenso zowawa za amake.

Makolo athu sanali ombwambwana pa zimenezi. Iwo anali ndi chikuta, m'mene mayi ndi khanda ankabindikira kufikira mchombo utagwa. Ndipo popeza mwa chikamwini mkazi ankaberekera kwao, ankazingidwa ndi amake, achemwali ndi ntchembere za pamudzi. Tambala woyamba akalira, gogo anali atasonkha kale moto nateleka madzi, ndipo ankaviika kansalu m'madzimo nkumuthowa mwana wake msana ndi m'chiuno pang'onopang'ono, nkumumanga pamimba ndi nsalu, kenaka nkumupatsa phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi chikho cha thobwa kuti mkaka utsike. Wina ankasinja, wina ankatola nkhuni, wina ankatenga mwana wamkulu kukagona naye kwake. Mpake akulu ananena kuti uchembere nkudyerana.

Sindinena kuti zonse za m'chikuta zinali zokoma. Kunali nkhanza yokakamiza mkazi wovutika pobereka kuti aulule amuna amene anayenda nawo, ngati kuti mwana wapingasa chifukwa cha chimo. Kunali mwanamphepo, womwetsa wapakati kuti matenda afulumire, amene wang'amba ziberekero za ambiri. Kunalinso chizolowezi chosenzetsa mayi mlandu wa tsempho mwana akanyentchera. Nchifukwa chake tiyenera kuyamika kuti, monga anaonetsera kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016, ana 9 mwa 10 alionse m'Malawi anali kubadwira kuchipatala. Chimene chinalakwika nchakuti potaya zoipa za chikuta tinatayira kumodzi ndi chifundo chake.

Ndipo masiku amene tawanyalanyazawo ndiwo oopsa. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 akazi pafupifupi 287,000 anamwalira pa zifukwa za uchembere, ndipo 7 mwa 10 alionse anali a kuno kummwera kwa chipululu cha Sahara. Kwathu kuno kafukufuku uja anapeza imfa za amayi 439 pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Ambiri a amayiwa samwalira pa bedi loberekera ayi, koma mwana atabadwa kale, chifukwa cha kutaya magazi, kuthamanga kwa magazi, kapena mabala olowa tizilombo. Bungwe lomwelo limalangiza kuti mayi aonedwe ndi azaumoyo tsiku loyamba, tsiku lachitatu, sabata yachiwiri isanathe, ndi pakutha pa masabata 6. Koma ife, amene sitiphonya tsiku la sikelo ya mwana, timayesa ulendo wa mayi wongotayitsa ndalama ya kabaza. Palinso nthenda ina yosaoneka ndi maso, chisoni chachikulu chimene chimagwira mayi atabereka, nkumangolira osadziwa cholirira, tulo osabwera, mwana wake yemwe osamukondwerera; ndipo m'maiko osauka pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu amavutika maganizo motere. Wotereyu timamudzudzula kuti ngwosayamika Mulungu, pamene afunika womumvera ndi womuperekeza kuchipatala.

Taonani mmene zikhalira m'tauni. Mtsikana wa ku Ndirande kapena ku Kawale, kaya amene anatsata mwamuna ku Johannesburg, amatulutsidwa m'chipatala m'mawa mwake nabwerera m'kachipinda kamodzi ka lendi, amake ali kutali. Alendo amafika Loweruka atavala bwino, nalandirana khanda, nalifumbatitsa kandalama, najambulitsa pafoni. Ndipo iye, ulusi usanauma nkomwe, amadzuka mogwira khoma kukakoleza mbaula kuti alendowo asachoke ndi njala. Sabata isanathe mumupeza pamsika ndi beseni la mandasi, mwana ali kumbuyo, chifukwa mwini nyumba sadikira.

Lamulo la ntchito la dziko lathu la m'chaka cha 2000 limapatsa mayi wolembedwa ntchito masabata 8 a tchuthi cholipidwa, kamodzi pa zaka zitatu, pamene pangano la bungwe la zantchito pa dziko lonse la ILO la chaka chomwecho limanena masabata 14. Ku Sweden makolo amagawana masiku 480, koma ku United States, dziko lolemera chotere, lamulo la 1993 limangopereka masabata 12 opanda malipiro; zimene zitiphunzitsa kuti kulemekeza uchembere sikuyendera kulemera kwa dziko kokha. Aphungu athu akweze masabatawo, ndipo ndiwapempha ndi mtima wonse. Komabe tidziwe kuti lamulo lotere silifika kumunda kapena pamsika, kumene kuli amayi ochuluka. Ku Netherlands namwino amabwera pakhomo masiku oyamba pafupifupi 8, kuyang'ana mayi, kumuphunzitsa kuyamwitsa ndi kumuthandiza ntchito za m'nyumba. Chuma chotero ife tilibe, koma alangizi a zaumoyo m'midzi tili nawo, ndipo akapatsidwa njinga ndi nthawi angathe kupondapo pakhomo pa wachikuta aliyense sabata yoyamba.

Zotsalazo zili m'manja mwathu. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika ndi a mabungwe ena a mipingo, amene sachedwa kufika pamaliro ndi ufa ndi nkhuni, agawane masiku oyendera wobereka monga agawirana ntchito pa siwa. Abambo, amene kale mwambo unkawaimika kunja kwa chikuta, tsopano alowe, achape matewera, anyamule mwana usiku, ndipo aphunzire kuti magazi ochuluka, mutu waukulu ndi kutentha thupi ndi zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala osadikira kuti kuche. Ndipo ife alendo, tikamapita kukaona mwana, titenge ndiwo zophikaphika ndi ndowa ya madzi, tisese pakhomo, timufunse mayiyo mmene wagonera, ndipo tikaona kuti maso ake alemera, tilandire khandalo kuti iye agone.